Anandisesera Munda Wanga ku George

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene kalata ya Tamara inabwera. Mwana wanga mmodzi yekhayo anali atamutenga ku sukulu ya unamwino, pamene ine atate ake chuma changa chinali nthochi, nandolo ndi uchi wa m'mabotolo. Chaka chimenecho mvula inatinamiza, chitsime chinatsika mpaka chingwe kuperewera. Ndinakhala pa chitsa kalata ili m'manja, ndikuyang'ana munda wanga, ndipo ndinadziwa kuti pa ziwirizi chimodzi ndichisiya. Mwana sasiyidwa.

Munda ndikunenawu unali pa puloti imene atate anatisiyira kumapeto kwa komboni ya George. Anaipeza kalekale atangochoka ku Katete, komboni isanadzaze. Anzathu onse pa mapuloti awo anamangapo timanyumba ta lendi, koma ine ndinaumirira. Zaka khumi ndi chimodzi sindinatenthepo tsamba, sindinapoperepo mankhwala, sindinagwirepo tsache. Anthu ophunzira amene ankabwera kudzaona ankati ulimi wotere dzina lake ndi pemakacha. Anthu a mu George ankati dzina lake ndi ulesi.

Ulesi wake unali wothyola msana. M'dzinja ndinkakumba timigula kuti madzi a pa malata ndi a mumsewu asathawe, azilowa m'maenje a nthochi ndi m'kadziwe kamene ndinakumba pakona. Achule ankaswana mmenemo, atombolombo nkumadya udzudzu. M'masika ndinkasiya mapira ena osadula kuti mpheta zikhute. M'chisanu ndinkaunjika nthambi ndi mapesi m'mbali mwa mpanda, mogona akanungu ndi abuluzi. M'chilimwe, George yense atauma gwa, ndinkaika madzi m'mbale zakale pansi pa mitengo, ndipo njuchi ndi mbalame za komboni yonse zinkamwera kwa ine. Ukafukula masamba ndi chala, dothi linali lakuda ndi lozizira, nyongolotsi zili piringupiringu. Kadzidzi naye anabwera kudzakhala mu mkuyu, makoswe nkutha.

Zonsezi ndinasiyira mlongo wanga wamkulu, a Enelesi, amene anandilera amayi atamwalira. Ndinawayendetsa munda wonse kawiri, ndikulongosola ngati mphunzitsi.

"Ba sisi, vintu vibili chabe. Osatenta, osasesa."

"Namvela, iwe Yotamu. Yenda ukasebenze. Visanga vako uzavipeza."

Ku Joni ntchito imene ndinapeza, Mulungu ndiye amadziwa nthabwala zake. Ndinkasamalira mabwalo a anthu olemera. Ankandimangirira makina kumsana ouzira masamba, ndipo tsamba lililonse logwa ndinkalithamangitsa mpaka kuliika m'thumba lakuda loti likatayidwe. Chimene kwathu ndinkapempha kwa aneba ngati ndiwo, kuno ndinkachitaya matumba makumi pa tsiku. Kapinga ndinkamupopera mankhwala mpaka pasatsale ngakhale nyerere. Tinkagona amuna anayi m'chipinda chimodzi, aliyense ndi chilankhulo chake ndi foni yake. Ndalama zikabwera, zambiri zinkapita kwa Tamara, pang'ono kwa a Enelesi, zotsala ndinkagulira buledi ndi mapazi a nkhuku. Lamlungu ndilo linkandipha. Ndinkakhala pabedi osayankhula ndi munthu kuyambira mmawa mpaka madzulo, ndipo sindibisa, ndinkalira.

Chimene chinkandigwira mtima ndi nyengo, chifukwa za kumeneko zimayenda limodzi ndi zathu. Mitambo ikachita bii ku Joni, ndinkatumiza mawu pa foni: tsegulani timigula. Mphepo yozizira ikayamba: musachotse mapesi ku mpanda. Kukatentha: musaiwale madzi m'mbale. Munda ndinkaulima ndi pakamwa, ndili kutali.

A Enelesi ankayankha, koma chaka chachiwiri mawu awo anayamba kulemera.

"Ba neba badandaula njoka, iwe. Na mwana wa ba Mulenga adwala. Bakamba ati ni kazizi kako kamene kalila usiku. Ine pa mpopi banileka neka, palibe onipasa moni."

Ndinawakalipira. Ndinati mwanayo apite naye kuchipatala, kadzidzi si dokotala ndipo si mfiti. Kukalipa kuli kosavuta ukakhala kutali, chifukwa pa mpopi sunali kupitapo iwe. Koma ndinene zoona, mlongo wanga anapirira. Zaka zitatu anathirira, anasiya masamba pansi, anameza mawu a anthu chifukwa cha ine.

Tamara atamaliza sukulu, ndinauza a Enelesi kuti ndikubwera mu Okutobala. Ndinawauza kudakali mwezi wathunthu, ndipo apa mpamene ndinalakwa. Ndine mwana wa kumeneku, mwambo ndikuudziwa. Munthu wochokera kutali safikira pa bwalo lauve. Amamusesera, amamukonzera, kuti aone kuti anali kumuyembekeza. Sindinaganize nkomwe.

Ndinatsika minibasi masana, ndinayenda ndi chikwama changa, ndipo pageti pathu ndinapitirira. Ndinkafuna mitengo. Chimene chinandibweza ndi nthungululu za amayi a ku tchalitchi cha a Enelesi, amene anathamanga kudzandilanda chikwama.

Bwalo linali mbee. Dothi lofiira, louma, mizere ya tsache ikuoneka bwinobwino kuyambira pageti mpaka kumpanda. Mkuyu unali chitsa. Nthochi, nandolo, magwafa, zonse kulibe. Kadziwe anakakwirira ndi zidutswa za mabuloko. Pakati panali bwalo lakuda la phulusa, lalikulu ngati chipinda, pamene anatentherapo masamba a zaka khumi ndi zinayi. Anasiya mtengo wa mango umodzi, nawupaka laimu m'munsi, ndipo pansi pake anandiikira mpando wokhala ndi nsalu yoyera.

A Enelesi anandikumbatira akulira ndi chimwemwe.

"Waona, mwana wa amai? Masabata yabili tasebenza, chechi yonse. Nakusungila vintu vako zaka zitatu, manje wabwela. Muntu ochoka ku Joni angafikile mu sanga? Bantu bangatiseke."

Anandionetsa manja awo. Anali ndi matuza a nkhwangwa, ena ophulika. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi.

Ndinakhala pampando paja. Mkulu wa mpingo anapemphera, kenako anati tithokoze Mulungu pobweza mwana wathu, pakuti kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Anthu anaomba m'manja. Atatero onse anatembenukira kwa ine kuti ndiyankhule. Ndinaimirira, ndipo ndinathokoza. Ndinathokoza amene anadula, amene anatentha, amene anabwereka wilibala. Tamara yekha ndiye anayang'ana pansi. Akanachita mwa nkhanza bwenzi ndili ndi womukalipira, mtima nkupepukako. Koma ba Mulenga omwe aja anali pompo, akundigwira chanza ndi manja awiri, akuti tsopano takhalanso aneba.

Alendo atapita, a Enelesi anatuluka m'nyumba ndi ndowa yovundikira ndi beseni.

"Aka tinakusungila, niziba umakonda tunyama. Vinangu vinataba, vinangu banapaya. Nenze kukapasa kabichi."

Munali kamba. Ndinamuika pansi. Anatulutsa mutu, nayamba kuyenda m'mbali mwa mpanda pa dothi lotentha, akufuna poti alowe. Anafika pakona, nakhota, napitiriza. Ndinamuyang'ana mpaka anazungulira puloti yonse. Panalibe ngakhale tsamba limodzi loti abisepo mutu.

Mmawa mwake ndinamuika m'katoni, ndinakwera basi ya msewu wa ku Mumbwa. Ndinkati nditsika pamene nyumba zathera, koma nyumba sizinkatha, mipanda ya mabuloko yokhayokha. Pamene ndinatsika, tchire lambiri linali lotenthedwa. Ndinayenda nthawi yaitali mpaka ndinapeza kakhwawa kokhala ndi udzu pang'ono, ndipo ndinamusiya pamenepo. Sindikudziwa ngati anafika ku mvula.

Pobwerera ndinkawerengera zaka. Mitengo ndingabzale ina, dothi lingabwerere ngati nditakhala ndi moyo zaka khumi zina. Koma ndinali nditaona chimene sindinkafuna kuona kale. Munda uja sunali wa pa George, unali wa liuma langa, ndipo anthu ankangondipirira ngati mmene amapiririra wodwala. Tsiku limene ndingadwale kapena kufa, adzabweranso ndi matsache, akuimba nyimbo, chifukwa amandikonda. Mphamvu yolimbana ndi adani ndinali nayo. Yolimbana ndi mlongo wanga wa matuza m'manja ndinalibe.

Nditafika ndinapeza a Enelesi ali ndi mmisiri womanga nyumba, akuyeza bwalo ndi mapazi.

"Yotamu, aba bakamba ati apa pangakwane tumanyumba folo twa lendi. Naba uza ati tiyembekeze mwine wake. Ukamba bwanji?"

Ndinayang'ana phulusa lija, ndinayang'ana mlongo wanga.

"Bayambe Mande, ba sisi."