Ndinafika Woyamba Koma Mendulo Anapatsa Wina

Inu owerenga, ine ndinafika woyamba pa mpikisano wa liwiro wa maiko a mu Africa, koma kunyumba ndinabwerako chimanjamanja.

Ndinakulira ku Kabwata, masiku a chipani chimodzi aja. Liwiro ndinali nalo, sindikunama ayi, makamaka lozungulira bwalo kamodzi, la mamita mazana anayi. Koma atate, mkulu wa mpingo wosaseka wamba, ankanyansidwa kuona mwana wawo wamkazi atavala kabudula pagulu. Nditasankhidwa kukaimira dziko, anandikhazika pansi nati, "Ukabwela na mendulo, uzapitiliza. Ukabwela chabe, va kuthamanga vasila." Ndinavomera msangamsanga, poti ndinkadzidalira.

Bwalo limene tinkaphunzirirapo linali lafumbi lokhalokha. Mizere ya laimu ankaijambula mwakamodzikamodzi, mphepo ikangowomba n'kufufutika. Aphunzitsi athu, amene ankatiphunzitsa kuthamanga mongodzipereka, ankatiuza kuti ukangokhota koyamba uzilowa m'kati, chifukwa kunja n'kotalika. Tonse tinkatero. Ngakhale tsiku losankha oimira dziko ndinatero, koma poti anzanga ndinawasiya kutali, oweruza anangowomba m'manja.

Pa ulendo, mphunzitsi wa timu ya dziko anatsala, mpando wake m'ndege anakhalapo bwana wina wa mu ofesi amene sanathamangepo chibadwire. Titafika, ndinaona bwalo lofiira, losalala, mizere yoyera mbee. Woweruza wina anatifotokozera malamulo m'Chifalansa, kenako m'Chingerezi chothamanga. Sindinamve kanthu, koma anzanga onse ankagwedeza mitu, inenso ndinagwedeza wanga. Ndinkaopa kuti ndikafunsa anditenga ngati mbuli. Pa mipikisano yoyambirira ndinagwera mzere wa m'kati mwenimweni, choncho vuto langa silinaonekere.

Pa mpikisano womaliza anandiika mzere wakunja. Ndinadabwa kuona kuti andiimika patsogolo pa anzanga onse, ndipo mumtima ndinati Mulungu wandikondera. Sindinadziwe kuti amatero pofuna kuti mtunda ufanane, poti aliyense amayenera kukhala mu mzere wake mpaka kumapeto. Mfuti italira ndinaliyatsa liwiro. Nditakhota, miyendo inachita zimene inazolowera, ndinadutsa mizere yonse n'kukalowa m'kati. Anthu anakuwa bwalo lonse, ine ndinkati akundichemerera. Ndinafika woyamba, ndinagwada pansi, misozi ili chuchuchu.

Nditadzutsa mutu ndinaona woweruza wina atakweza mbendera yofiira, akuloza ine. Mtsikana wamtali amene anafika wachiwiri anandigwira dzanja, nandilozera mizere ija uku akupukusa mutu mwachisoni. Kenako dzina langa linachotsedwa pa bolodi. Mayo ine! Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wondilankhulira, koma bwana uja anali atapita m'tauni kukagula nsapato za akazi awo. Mendulo anaveka mtsikana uja ine ndikuona.

Kunyumba zinali zoopsa kuposa apo. Anthu a mu mzere wathu wa nyumba anali atazungulira wailesi yathu. Atamva kuti ndafika woyamba, amayi anathamangira pamsewu akululuza, chitenje chili m'mwamba, ndipo atate nawonso akuti anaimirira n'kuvula chipewa. Amayi asanabwerere n'komwe, wailesi yomweyo inalengeza kuti ndachotsedwa chifukwa chodutsira anzanga. Mawu amene anafala mu Kabwata anali akuti mwana wa mkulu wa mpingo wagwidwa akuba mpikisano. Ine wakuba? Ndinkabisala ngakhale popita ku msika.

Ndinagwada pamaso pa atate kuwafotokozera kuti sindinadziwe lamulolo. Aphunzitsi otiuza zolowa m'kati aja anabweranso kudzapepesa, akuti cholakwa n'chawo, andipatse mwayi wina. Atate anamvetsera mpaka kumapeto osakalipa. Kenako anandifunsa kuti, "Pamene sunamvele, unafunsa?" Ndinavomera kuti sindinafunse. Iwo anati, "Tinapangana," n'kulowa m'nyumba.

Inu owerenga, makamaka atsikana amene mwapatsidwa mwayi wopita kumene simunapiteko, zimene munazolowera kwanu si lamulo la kulikonse. Anthu akakuomberani m'manja si ndiye kuti mukuchita bwino, mwina sakufuna kukuvutitsani chabe. Ngati simunamve, kwezani dzanja, ngakhale onse akuseke, kuseka sikupha munthu. Ine ndinagwedeza mutu kuti ndioneke wozindikira, ndipo tsiku limene ndinathamanga bwino koposa m'moyo wanga linali lomaliza kuponda pa bwalo.