Lezala la aNajere

Ndinachoka ku Madzimoyo chifukwa cha lezala. Nditayamba kutuluka magazi kumatako, alamu anga aNajere, alongo a amuna anga, anati ndi likango, kanyama komera kumeneko, ndipo mankhwala ake n'kudula. Anandigwira anthu awiri, iwo n'kudula. Bala litakana kupola, anauza mudzi wonse kuti ndi matenda a uhule. Amuna anga aJere anaponya zovala zanga panja. Ndinakwera basi pa Chipata, ulendo wa ku Joni, nditakhalira tako limodzi njira yonse.

Ku Joni ndinkachapa m'nyumba ya namwino wina. Ataona magazi pachitenje changa, ananditengera kuchipatala. Kumeneko anatapako kanyama n'kukayeza.

"Ndi khansa," anatero dokotala. "Koma chotupa chilichonse chili ndi zizindikiro zake. Chanuchi chikuonetsa kuti chikhoza kumva mankhwala ndi kuwotcha ndi makina. Sitidula."

Kuwotchako kunandisenda khungu. Ndinkalira ndekha m'kachipinda ka lendi, wonditungira madzi panalibe. Kumudzi ndinkatumiza ndalama ya sukulu ya mwana wanga, yankho n'kukhala lakuti yachepa. Chimene chinandilimbitsa si pemphero ayi, ndi mkwiyo. Ndinkafuna aNajere adzandione ndili moyo.

Ndinabwerera nyengo ya mwambo wa Ncwala, nditanenepa, nditavala nsapato zogogoda. Ku Mtenguleni, kumene kumachitikira mwambowo, ndinawafunafuna aNajere, osawaona. Ndinawapeza m'nyumba yotseka mawindo, atagona cham'mbali, fungo lake ndinalidziwa ndili pakhomo. Nawonso anali atadulidwa, kawiri. Mudzi unkauzidwa kuti ndi malungo.

Sindinama, mtima wanga unakoma.

"Alamu," anatero, "tigawireniko mapiritsi amene anakuchiritsani."

"Anga anayezera chotupa changa. Chanu sichinayezedwe, mwangochikwiyitsa ndi lezala."

AJere anagwada, chipewa chili m'manja. Ankafuna ndiwaperekeze alongo awowo kuchipatala, poti ine ndi amene ndikudziwa zokafunsa, koma tinyamuke mwakachetechete.

"Ndipita," ndinatero. "Koma tikwera ngolo masana. Ndipo inu aNajere, pa chitsime, pamene munanditchulira uhule, muyambe mwatchula dzina la matendawa ndi malo ake."

ANajere anatchuladi. Ine ndinkadikira kuseka kwa anthu, kuti alawe zimene ndinalawa. Palibe anaseka. Mayi wina anatula ndowa, n'kufunsa ngati m'ngolomo muli malo ena.