Nsalu Imene Mwanamvua Anaveka Mlendo

Mwanamvua anabadwira ku Makanjira, kutsidya kwa nyanja, kumene lole imafika msewu ukalola. Anabwera kuno pa boti atakwatiwa ndi Che Yasini, dobi wochapa zovala pa hotela ina ya alendo kumpoto kwa boma la Mangochi. Dzina la hotelayo tilisiye. Eni ake akadalipo, ndipo amamva.

Anali mkazi wamfupi, woyankhula motsitsa, ntchito yake kuyanika usipa pa thandala. Sukulu analekera panjira, koma kachizungu ka moni anali nako. Chimene ankadziwika nacho pamudzi n'chakuti munthu sakanadutsa pakhomo pake dzuwa lili pamutu osamwa madzi. Amayi ake anamulera choncho, kuti mlendo sumufunsa kumene wachokera usanamupatse kapu.

Pakati pa mudzi ndi hotela panali mpanda wa waya, wolowa mpaka m'madzi. Mkati mwa wayamo malamulo ankagona. Akazi achizungu ankavala mathalauzi, ena tizovala tosambira, amuna tsitsi mpaka m'mapewa. Kunja kwa waya, mkazi wovala thalauzi anali mlandu, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira ankakhala pa sitolo ya pamsewu tsiku lonse, maso ali mbali zonse.

Chaka chimene Mwanamvua anabereka mwana wake woyamba, Ajira, pahotelapo panafika mzungu wamkazi, Mayi Jenkins. Iyeyu sanadzere kusamba. Anachokera ku sukulu yaukachenjede kwawo, ali ndi chilolezo cha boma, kudzafufuza za alendo: chimene amadzera kunyanja, zimene amakonda kuchita, chifukwa chake ena sabwereranso, ndiponso kuti mahotela akachuluka asodzi azidzakocheza pati ngalawa zawo.

"Mzungu wabwera kudzaweta azungu anzake," ankatero Che Yasini akuseka. "Wina akayetsemula, iye walemba."

Tsiku lina masana Mayi Jenkins anazungulira kumene waya umathera, madzi ali m'mawondo, n'kutulukira kumudzi kuti amvenso maganizo a eni nyanja. Anali mu thalauzi. Thandala loyamba limene anafikapo linali la Mwanamvua.

Mwanamvua anayang'ana thalauzilo, anayang'ana kunjira ya kusitolo. Anamukoka mlendoyo dzanja n'kulowa naye m'nyumba. Chitenje chimodzi anali atavala, china anaberekera Ajira, china chinali chonyika m'beseni, ndipo zonsezo zinali kununkha nsomba. Mlendo angavale zimenezo? M'bokosi munatsala nsalu imodzi yokha yoyera ndi yosita, nsalu ya chipani, ya nkhope ya Mtsogoleri, imene mayi aliyense ankasunga kuti azivala povina akuluakulu akabwera. Anaitulutsa, namuveka mlendoyo bwinobwino, nkhope ili chilili. Kenako anamupatsa madzi.

Mayi Jenkins anali ataphunzirako Chichewa cha m'buku.

"Alendo a hotela, abwino? Oipa?"

"Abwino onse, mayi."

"Waya uja. Kale munali kutunga madzi uko?"

"Zonse zili bwino, mayi. Tili pa mtendere."

Mzunguyo anaseka, namugwira Ajira tsaya, nati nsaluyo abweza. Mwanamvua anamuperekeza mpaka pamadzi. Sizinamubwerere m'mutu kuti amuuze kasamalidwe ka nsaluyo. Ndani amauzidwa zimenezo? Ngakhale mwana wa mphuno zamamina amadziwa kuti nsalu imeneyo sayanika pansi, saberekera mwana, sakhalira.

Mawa lake Che Yasini anaweruka dzuwa likadalipo. Sanapemphe madzi osamba. Anakhala pa khonde kuyang'ana zala zake zotuwa ndi sopo.

"Amake Ajira, nsalu yanu ya magule ili kuti?"

Mwanamvua anafotokoza.

"Mzungu uja waiyala pamchenga," anatero Che Yasini, mawu ali pansipansi. "Wadzola mafuta ake a dzuwa aja n'kugonapo. Kenako wakhalapo, pankhope penipeni, akulemba zolemba zakezo. Potuluka m'madzi wapukutira mapazi."

"Waona ndani?"

"Funsani kuti sanaone ndani. Maweta onse anatembenukira kukhoma ngati akuswali mu mzikiti. Koma aliyense akuopa kuti mnzake ayamba ndiye kukanena, ndiye akanena onse."

Bwana wa hotela anathamanga ndi thaulo, akumwetulira, n'kumupempha mlendoyo kuti nsalu yokongolayo aziisunga kuchipinda poti mchenga ungaiwononge. Sanamuuze china. Lamulo la pahotelapo linali lakuti mlendo asaopsezedwe, apite kwawo akakambe zabwino za dziko. A chipani atabwera, nawonso sanaloledwe kumufunsa mzunguyo. Bwanayo anati mwina anaigula ku Blantyre. Iwo anakana: amene anaiona anati inali yofewa ndi kuchapidwa, mpendero wake wosoka pamanja. Inachokera m'bokosi la mayi wina wa pafupi pomwepa.

Mayi Jestina, tcheya wa amayi a chipani pamudzipo, analengeza kuti ikangotha Idi kudzakhala kukonzekera magule, ndipo mayi aliyense adzabwere atavala nsalu yake. Podutsa pa thandala anaima.

"Amake Ajira, mwanayu wanenepatu! Mkaka wa usipa umenewu. Nsalu yanu ija muichapiretu, musadzatinunkhitse nsomba pamzere."

"Ndichapa, amayi a tcheya."

Kugula ina sikukanatheka, poti wogulitsa anali Mayi Jestina yemweyo. Kubwereka kwa mnzake kunali kumupachika mnzakeyo. Kuthawira ku Makanjira kunali kuvomera mlandu, ndiponso chipani chinaliko kumeneko. Chiyembekezo chinatsala chimodzi, kuti mzunguyo aponye nsaluyo m'thumba la zochapa, ifike m'manja mwa dobi, ibwerere kunyumba itapindidwa m'kati mwa malaya. M'mawa uliwonse Che Yasini ankakhuthula thumba la chipinda cha mzunguyo. Munkatuluka masokosi, mabulauzi, mathalauzi aja. Nsalu ayi. Kukamufunsa sakanayesa, chifukwa dobi woonedwa akunong'ona ndi mzungu ameneyo sabata imeneyo akanakhala wadziulula yekha.

Za kumangidwa Mwanamvua sankaziganiza kwambiri. Chimene chinkamuopsa ndi nkhani ya mayi wina wa ku Chowe, amene anatengedwa chifukwa cha mawu a mwamuna wake. Popeza mwana wake anali woyamwa, anamuuza kuti amutenge. Anapita ali naye kumbuyo. Anabwerako kumbuyo kuli mbee, ndipo manda a mwanayo sanawadziwe. Ajira anali asanayambe n'kuima komwe. Akadzabwera kudzamutenga Mwanamvua, adzati mwana woyamwa apite ndi mayi wake.

Ndiye anathyola masamba a nimu, nawasinja, madzi ake owawawo napaka kumabere.

Ajira anayamwa kamodzi n'kulavula, namuyang'ana mayi wake modabwa. Anayesa bere linalo. Kulira kumene analira kunaimitsa anthu panjira. Mwanamvua anamunyamula n'kupita naye kwa Asiatu, mlongo wake wa Che Yasini, amene nyumba yake inali kuseri kwa mzikiti, atatenga kambale ka phala losakaniza ndi usipa wosinja.

"Mlamu, wapenga?" anatero Asiatu. "Mwana wosayenda n'komwe! Kapena uli ndi pathupi pena? Achimwene sakanadikira?"

"Ayi, alamu."

"Nanga n'chiyani? Ukufuna mabere aime ngati a mtsikana?"

"Ndikufuna azolowere inu."

 Nkhani ya pamchenga inali itafika khomo lililonse. Asiatu sanafunsenso. Analandira kambaleko, namukhazika mwanayo pamiyendo.

Masiku amenewo anali oipa. Ajira ankakana phala, kulilavula, kukwawira kwa mayi wake n'kumakoka bulauzi. Mwanamvua ankamulola, poti nimu anali atapaka kale, ndipo ankayang'ana kumbali mwanayo akamachita tsinya. Tsiku limene nimu anaoneka ngati wazolowereka, anawonjeza tsabola. Mwanayo anatupa milomo, anaonda, khosi linatalika. Mabere a Mwanamvua anauma ngati miyala, kutentha mpaka m'khwapa, ndipo ankapita kuseri kwa bafa kukafinyira mkaka pamchenga, nyerere n'kumasonkhana. Azimayi ankanong'ona kuti amake Ajira alibe chisoni. Koma pang'ono ndi pang'ono mwanayo anayamba kutsegula kamwa akaona supuni ya Asiatu. Kenako anayamba kugona kumbuyo kwa Asiatu. Kenako, mayi wake akatambasula manja, iye ankabisa nkhope.

Idi itayandikira, Che Yasini anabwera ndi nkhani yakuti mzunguyo akunyamuka kumapeto kwa sabata.

"Akamapita amasiya zinthu m'chipinda," anatero. "Wokonza m'chipindamo ndi mnzanga. Mulungu akalola, nsalu ibwera."

Tsiku limenelo Mwanamvua anadya n'kukhuta.

Nsalu inabweradi. M'mawa wotsatira, anthu ali pikitipikiti pamsewu, Mayi Jenkins anatulukira pa geti lalikulu la hotela atavala siketi yaitali. Anali atazindikira yekha kuti china chake sanachite bwino, ndiye nsaluyo anaichapa ndi manja ake, naisita, naipinda nkhope ili pamwamba. Anainyamula ndi manja awiri ngati mphatso. Kubwera kwake koyamba anadzera kumadzi, choncho njira ya kumsewu sankaidziwa. Anaima pa sitolo, pakati pa anyamata a malaya ofiira, n'kufunsa mwaulemu nyumba ya Mwanamvua. Mayi Jestina anali pomwepo akugula mchere. Anati amuperekeza.

"Odi kuno! Amake Ajira, ndakubweretserani mnzanu. Amasochera."

Mwanamvua anatuluka. Anaona nsalu, anaona Mayi Jestina, anaona malaya ofiira ataima patali pansi pa mtengo wa mango.

"Pepani," anatero Mayi Jenkins. "Ndachedwa. Ndachapa bwino. Inu munandithandiza. Zikomo kwambiri, mnzanga." Pamwamba pa nsaluyo anaikapo ndi sopo wonunkhira.

Mwanamvua anagwada n'kulandira ndi manja awiri. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kapu ya madzi. Mlendoyo anamwa, nafunsa kuti mwana ali kuti.

"Ali kwa azakhali ake, mayi. Ali bwino. Muyende bwino."

Landirova ya apolisi inafika anthu akutuluka ku swala ya masana. Mwanamvua anali atasamba kale, atakhala pa khonde. Munatsika amuna awiri osavala yunifomu. Wamkuluyo sanakalipe, anaoneka wotopa chabe.

"Ndinu Mwanamvua? Tiyeni mukayankhe mafunso pang'ono. Akuti muli ndi mwana woyamwa. Mutengeni, sitifuna kuti mawa azidzatibweretsera akulira."

"Anasiya kuyamwa, bwana."

Bamboyo anayang'ana bulauzi yake. Inali itanyowa mbali zonse ziwiri.

"Mayi, musandipusitse. Ndili ndi ana ine. Kamutengeni mwanayo."

Anatuma munthu, ndipo Asiatu anabwera ali ndi Ajira kumbuyo. Anthu anali atadzaza bwalo.

"Mupatseni bere tione."

Mwanamvua anamulandira mwanayo. Tsiku limenelo pamabere panalibe kanthu, poti posamba zonse zinachoka, ndipo mkaka unali kudontha wokha. Anatulutsa bere pamaso pa anthu onsewo. Ajira analiyang'ana. Fungo lake analimva, milomo inagwedezeka.  Ndipo mwanayo anakankha ndi manja onse awiri, anapinda msana, analira mokuwa akutambasulira manja kwa Asiatu.

"Basi, msiyeni," anatero bamboyo. "Kwerani."

Mayi Jenkins ananyamuka pa tsiku lake, osadziwa kanthu, poti panalibe womuuza. Che Yasini anachotsedwa ntchito sabata yomweyo, nayamba kukoka nawo makoka a anthu ena. Patapita nthawi, hotela inayamba kupatsa alendo aakazi zitenje pa geti akafuna kukaona mudzi, za zithunzi za nsomba ndi dzuwa. Maweta amati nzeru imeneyo inachokera m'zimene mzungu uja analemba, pamene anayamikira kuti anthu a kunyanja kuno ndi odziwa kulandira alendo.

Mwanamvua anabwerako mvula itagwa kangapo. Khutu limodzi silimva, ndipo za kumene anali sakamba, ifenso sitifunsa. Mwa amayi amene anali nawo kumeneko alipo amene anapita ndi ana. Zimenezo ndiye anangonenapo kamodzi, kwa Asiatu, n'kutseka pakamwa.

Anapeza Ajira akuthamanga, wonenepa, wolongolola, akuitana Asiatu kuti amayi. Che Yasini anafuna kuti mwanayo abwerere kunyumba tsiku lomwelo. Mwanayo anakakamira mwendo wa Asiatu, ndipo Mwanamvua anati amusiye.

Akuyanikabe usipa pa thandala lomwe lija. Mlendo akatulukira kumene waya umathera, iye amalowa m'nyumba n'kukhala phee mpaka adutse. Ajira amabwera masana, atatumidwa kudzatenga ndiwo. Amaima pataliko, manja kumbuyo, n'kumuitana monga amamvera anthu onse akumuitana.

"Amake Ajira, akuti amayi mutipatseko usipa."

Mwanamvua amamusankhira wouma bwino, wosasweka mitu. Mwanayo akamabwerera, iye amasiya ntchito n'kumayang'ana miyendo yakeyo mmene ikupondera mwamphamvu pamchenga, mpaka atakhota kuseri kwa mzikiti.