Momwe Ntchito Yomasulira Inandithera

Ndivomere poyera: kwa zaka ziwiri ndinkanama pomasulira. Apongozi anga ku Ntcheu amatumiza uthenga wamawu pafoni Loweruka lililonse. Mwana wanga wamkazi, wobadwira kuno ku Bradford, ku England, Chichewa amachimva chikamayenda pang'onopang'ono, koma cha apongozi chimathamanga ngati minibasi yolimbirana anthu. Ndiye womasulira ndinali ine.

Iwo akati, "Mwanayu wawonda, kodi amake amaphika?" ine ndinkati, "Agogo akuti watalika." Mwana akati sakufuna kuyankha, akuonera katuni, ndinkawauza kuti, "Akuti wakusowani kwambiri." Ndinkaopa kuti awiriwa akadzamvana okha, adzagwirizana kuti kulera kwandikanika.

Kenako kusukulu mwanayo anayamba kuphunzira za Baghdad wakalekale, kumene akatswiri, Asilamu ndi Akhristu omwe, ankamasulira m'Chiarabu mabuku a Chigiriki a zamankhwala ndi zanyenyezi. Ndinamuthandiza ndithu kujambula ngamila. Tili m'basi anandifotokozera, m'Chingerezi chake chija, kuti omasulira abwino sankakhulupirira buku limodzi. Ankasaka makope angapo n'kuwayerekeza, kuti agwire pamene wina anapotoza. Ndinati, "Anali anzeru anthuwo," n'kupitiriza kuyang'ana pawindo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinamupeza pakona ndi foni yanga, akumvetsera uthenga wa apongozi limodzi ndi mayi wina wa ku Zambia amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba. Mayiyo ankaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

"Amake mwana, apa munamasulira bwanji? Kuwonda kunasanduka kutalika?"

"Chinyanja chanu n'chosiyana ndi Chichewa chathu," ndinatero.

"Ayi mayi, kuwonda n'kuwonda, ngakhale ku Chipata."

Pamenepo n'kuti mwana atafunsa kale azimayi ena awiri a kwaya, aliyense payekha. Makope atatu.

Titafika kunyumba anatenga foni n'kudzitsekera kuchipinda. Ndinaima pachitseko, jekete ndisanavule. Ndinamumva akuyamba, kufufuta, kuyambanso, mawu akupunthwa.

"Agogo, ine sindinawonde. Amayi amaphika. Koma amanama."

Yankho linabwera tisanadye. Poyamba kunali kuseka kokhakokha, mpaka kutsokomola. Kenako apongozi anati, "Kani mwanayu amalankhula? Apongozi, inu kapumeni, mwatopa. Tizimvana tokha."

Mwana sanandifunse kuti agogo akuti chiyani. Anamva yekha.

Masiku ano amalankhulana awiriwiri, chitseko chili chotseka. Ndikamva akuseka ndimachepetsa madzi pampopi, koma mawu safika kukhitchini.