Ana Athu M'mapepala a Eni

Ndinatsimikiza zochoka tsiku limene ndinafunditsa jekete yanga khanda lobadwa masiku osakwana, magetsi atathima. Ndinali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi Manyamula, ndipo ndinali nditatopa. Amayi sanandiletse. Anangoti, "Ukafika uyimbe, mbwenu."

Ku Durban ndinapeza ntchito m'wodi ya makanda. Makina analipo, magetsi osathima, koma wocheza naye panalibe. Foni ikalira, ndinkadziwiratu kuti ndi za malata, za fizi ya mphwanga kapena za feteleza. Palibe anandifunsapo ngati ndadya.

Sisitala wathu wamkulu, mayi wachizulu wosaseka, ankatipatsa pepala la kafukufuku Lachitatu lililonse. Ukangoyamba kuwerenga mawu omaliza, ankakudula. "Zimenezo ndawerenga ndekha. Anayesa ana otani? Anawasankha bwanji? Anawayerekeza ndi ayani? Analipira ntchitoyo ndani?" Zinkanditopetsa kwabasi. Ine ndinapitira ntchito, osati mayeso. Koma mafunsowo anandilowerera, moti ngakhale malonda a sopo pa wailesi ndinkawafunsa zomwezo.

Amayi atadwala ndinabwerera, ndipo anandiikanso pa kachipatala komwe kaja. Pasanapite nthawi kunabwera bambo wina wa tayi kuchokera ku Lilongwe, atanyamula makina otenthetsera makanda ndi kapepala konyezimira. "Kafukufuku watsimikiza kuti amapulumutsa ana," anatero.

Ndinapempha pepala lenilenilo. Anachita kulifufuza m'foni, nkhope itagwa. Ana amene anayesedwa anali onenepa bwino, a m'zipatala zamumzinda, ndipo amene analipira kafukufukuyo ndi kampani yomwe ikugulitsa makinawo.

"Nanga magetsi akathima, bambo?"

"Mafunso a ku Joni amenewo," anatero mnzanga wina, anthu n'kuseka. Komiti ya chipatala inagulabe makinawo. Ndinakwiya mpaka kutuluka osatsanzika.

Mwezi wa Juni, kuzizira kwa Mzimba kutafika pachimake, mtsikana wina anabereka kamwana kosakwana masiku. Magetsi anali atathima kuyambira m'mawa, makina aja ali phee pakona ngati kabati. Apongozi a mtsikanayo anali atabwera kale ndi beseni.

"Amama, ndapota, asasambe lero," ndinatero. Ndinakamangirira kamwanako pachifuwa cha mayi ake, khungu ndi khungu, n'kukaveka chipewa. Apongoziwo anang'ung'udza kuti mwana si nyani, koma anatithandiza kumanga chitenje. Pofika madzulo timapazi tinali titafunda, ndipo kanayamba kuyamwa.

Tikusamba m'manja, ndinauza a Nyajere, mzamba wathu wakale, kuti njirayi ndinaiwerenga m'mapepala angapo ku Durban, ndipo inapirira mafunso onse a sisitala uja. Ndinawonjeza kuti pepala lina linali la makanda a zipatala zakumidzi za kuno kwathu konkuno.

Anasiya kupukuta manja. "Kodi analemba? Anabwera kuno anthu amenewo, iwe usanayambe ntchito. Tinkawayezera ana pasikelo, kuwalembera chilichonse. Anati yewo chomene, n'kukwera galimoto. Sitinawaonenso."

Ine kuwoloka malire, kukhala ndekhandekha m'kachipinda kalendi zaka zonsezo, kuti ndikawerenge za ana a pakhomo pathu!

A Nyajere anakoka benchi n'kukhala.

"Tandiuza, mwana wanga. Anapeza chiyani?"