Chumuni Chomwe Ndinanenerera

Pa nkhani yonenerera mtengo, mu Chipata monse munalibe wondigonjetsa. Ndi pakamwa pomwepa ndinapezera ntchito yanga yoyamba, m'zaka za m'ma 1990. ATembo, mmisiri wa malata wa ku Nabvutika, anandimva ndikuliritsa wogulitsa zovala za salaula pamsika, nati, "Iwe, bwera uzindigulira zitsulo."

Anandiphunzitsa kudula malata ndi kupinda mapaipi. Pa za chumuni sankaseka. Paipi ikwere mowongoka, italikirane ndi mapaso a denga kuti angapse, ndipo ipitirire nsonga ya denga ndi mafiti awiri, chisoti pamwamba.

Mwezi wa Juni tinaitanidwa cha ku Tamanda, kwa aPhiri, ahedi a sukulu opuma pantchito. Anali atagula chitofu cha nkhuni choti aziotha pabalaza, chifukwa akazi awo mphumu inkawagwira kukazizira. ATembo anaboola denga, n'kundisiya ndimalize, iwo n'kuthamangira kumaliro.

Ndili pamakwerero, ahedi anatuluka, manja kumbuyo ngati akuyendera mayeso.

"Mnyamata, nyumba yanga si balani ya fodya. Anthu akutchalitchi amadutsa pano. Chipaipicho chingosuzumira pang'ono basi."

"Abambo, mafiti awiri kupitirira nsonga."

"Theka la futi kuchokera pa malata."

Magazi apamsika anandiwira. Tinakokana, iwo kukwera, ine kutsika, mpaka ndinati, "Chabwino, tikumane pakati." Ndinadula paipi, inalekezera m'munsi pang'ono mwa nsonga. Ndinatsika ndikudziguguda pamtima kuti ndawafinya ahedi.

M'mawa mwake tinabwera ndi aTembo kudzayesa moto. Nkhuni zitangogwira, mphepo inawomba kudutsa pansonga, n'kukankhira utsi wonse m'paipi momwemo. Pabalaza panada bii. Amayi aja anayamba kubanika, tinachita kuwanyamula kuwatulutsa panja, chifuwa chikulira ngati mluzu.

ATembo anayang'ana padenga kamodzi kokha.

"Wadula ndani?"

Ndinacheukira ahedi. Munthu wamkulu, mkulu wampingo, tayi pakhosi, anakonza magalasi nati, "Ine ndine mphunzitsi, za chumuni ndingazidziwe bwanji? Ndinangopereka maganizo."

Maganizo! Munthu tinalimbana naye mpaka thovu kukamwa! Ndinafuna kumuveka paipi yotsalayo m'khosi.

"Utsi unalipo pamene mumagwirizana?" anandifunsa aTembo. "Muyeso si mtengo wa buluku, chitsiru iwe."

Anandikweza padenga kukalumikiza chidutswa chomwe ndinadula. Moto unayaka bwino, amayi anapuma, ine ntchito inathera pomwepo. Ndinabwerera ku Chipata wapansi, mwaye mpaka m'makutu.

Lero ndimaika chumuni pandekha. Pa mtengo bwerani tilimbane mpaka dzuwa lipendeke, koma pa mafiti awiri aja ngakhale abusa ndimawakanira. Ahedi anamwalira akuuzabe anthu kuti anapulumutsa akazi awo kwa mmisiri wabodza. Inu mukuona bwanji, anapambana ndani pamenepa: ine, ahedi, kapena mphepo?