Tsiku limene ndinabereka kompyuta kupita ku Shimabala

Ndinatuluka pageti pathu ku Kafue Estates Lachinayi cha m'ma seveni m'mawa, nditabereka bokosi la kompyuta ndi chitenje ngati mwana. Sikirini ndi kiyibodi ndinazisiya, chifukwa ndinamva kuti matenda amakhala m'bokosimo. Panali patapita milungu itatu chiikireni m'manda amuna anga, bambo a Taonga, ndipo Loweruka abale awo amabwera kudzagawa katundu. Pa katunduyo panali ndi nyumba imene ndinali nditangotulukamo kumene.

Ali kuchipatala, bambo a Taonga anandinong'oneza kuti ndisaope, analemba kalata yonena za nyumbayo, ili m'kompyuta. Anthu a pamaliro atabalalika ndinaiyatsa, n'kuilumikiza ku intaneti ya pafoni kuti ndione ngati kalatayo anaitumizanso kwa wina. Ndisanapeze kalikonse panatulukira chikwangwani chokhala ndi chishango, chonena kuti kompyuta ili pangozi, pansi pake batani lobiriwira la mawu a Chingerezi oti yeretsani tsopano. Musandiseke msanga. Milungu itatu yonseyo aliyense wolowa m'nyumba mwanga ankanena za kuyeretsa. Azakhali ankafuna kuwaza mankhwala m'zipinda, achinyamata a kutchalitchi kwa mwana wanga Taonga ankafuna mafuta ndi mapemphero. Nditaona kuti nayo kompyuta ikupempha zomwezo, ndinangodina.

Sikirini yonse inafiira. Chinthucho chinayamba kuwerenga tizilombo mazanamazana, kulira ngati ambulansi, n'kumapempha nambala ya khadi la kubanki kuti chitichotse. Khadi ndilibe, umphawi unandipulumutsa pamenepo. Koma zithunzi, makalata, zonse zinasowa. Tsoka sasimba, alamu anga a Gidiyoni, akulu awo a malemu, analowa nthawi yomweyo. Anayang'ana kufiirako, n'kunena pamaso pa ana anga kuti, "Ah, mulamu. Na kompyuta mwaipasa kachilombo?" Chiyambire maliro, abalewo ankanong'onezana kuti matenda amene anapha m'bale wawo ndinabweretsa ndine. Tsiku limenelo anangosiya kunong'ona.

Pa siteji ya ku Estates ndinakwera takisi ya anthu asanu, teni kwacha mpaka m'tauni. Tinadutsa mafakitale aja anakoka makolo athu kuchoka ku Katete, ena atachita dzimbiri, udzu utamera pamageti. Dalaivala ankazemba maenje ngati akuvina. Mayi wina amene ndinapanikizana naye anati mwana wanga ndi wofatsa bwanji, osalira ndi mabampu onsewa, n'kuvundukula chitenje kuti amuone nkhope. Anapeza kachitsulo ka timabowo ndi fumbi. Anabweza chitenje pang'onopang'ono, n'kumangoyang'ana kuwindo mpaka tinatsika.

Cha m'ma eyiti ndinali pa kashopu kokonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika. Malaiti anali atapita m'bandakucha, ndipo mwini shopu anali panja akudya vitumbuwa. Atamva nkhani yanga anati ndisiye bokosi, akabwera malaiti achita fomati, lidzakhala ngati latsopano. Ndinafunsa kuti fomatiyo n'chiyani. Anati n'kufufuta zonse n'kuyamba pachiyambi.

"Nanga kalata?"

"Vonse viyenda, mami. Ndiye kuchapa kwake."

Ndinanyamulanso mwana wanga. Kuyeretsa kwina kuja ndinali nditakulawa kale. Bamboyo sanali woipa mtima, anandilondolera kwa ba Mutinta ku Shimabala, mayi amene ankaphunzitsa makompyuta pasukulu ina asanayambe ulimi wa ndiwo zamasamba. Anati mayiwo ali ndi magetsi a sola, ndiponso ali ndi chipiriro chimene iye alibe.

Minibasi ya ku Lusaka inadzadza cha m'ma naini. Kondakitala anafuna twente-faifi kwacha yanga, ndi inanso ya bokosi likakhala pampando. Ndinaliika pamiyendo. Pambali panga panali mayi wa ku Chanyanya ndi beseni la nsomba zokagulitsa ku Lusaka, madzi ake akuyenderera pansi, moti ulendo wonse ndinakweza mawondo. Ataona duku langa lakuda anandipepesa, kenako anandiuza zake popanda kufunsidwa. Amuna ake atamira mu Kafue, abale anatenga bwato, maukonde, njinga, ngakhale chitseko. Anamusiyira ana asanu ndi mphika umodzi. Sanalire pokamba, ankangothamangitsa ntchentche pa nsomba zake. "Ngati pali pepala, muigwile na manja yabili," anatero. Ndinakumbatira bokosi lija mpaka m'mphepete mwake munandisindikiza pamkono.

Ndinatsika tisanafike pageti lolipiritsa magalimoto, dzuwa litakwera kale. Kuchokera pa tala ndi msewu wafumbi wodutsa m'minda ya mapesi ouma, ulendo wa theka la ola kwa munthu wopanda katundu. Ine ndinapuma kawiri. Kompyuta simalira ngati mwana, koma imalasa msana ndi ngodya zinayi.

Ba Mutinta ndinawapeza m'dimba la repu atavala majombo, akukoka paipi ya madzi. Anandipatsa kapu ya chibwantu, chakumwa chawo cha chimanga, n'kundilowetsa m'kachipinda momwe munali tebulo, sikirini yakale ndi mabatire a sola. Asanalumikize chingwe chilichonse anandifunsa mafunso awiri: ngati ndinalemba nambala ya khadi, ndi ngati ndinalowetsa mapasiwedi chinthucho chitabwera kale. Ndinati khadi ayi, koma pasiwedi ya imelo ya malemu ndinalemba. Anati imeneyo tikaisinthe lero lomwe, pafoni, osati pa bokosili. Intaneti anakaniratu kuilumikiza, kuti chinthucho chisaitane anzake.

Atayatsa, kufiira kuja kunabwera ndi kulira kwake. Ine ndinatseka makutu. Iwo anangotsitsa voliyumu.

"Ni boza yonse iyi, amake Taonga. Tudoyo utu kulibe. Ichi chamene chipanga chongo ndiye matenda."

Anandifotokozera kuti chinthu chaphokosocho ndi pulogalamu yonamizira kukhala dokotala. Imalowa ukadina batani lija, n'kulemba mndandanda wa tudoyo, tizilombo tongopeka, kuti uchite mantha upereke ndalama, ndipo imatseka pakamwa pulogalamu yeniyeni yoteteza kompyuta. Anazimitsa, n'kuyatsanso mwa njira ina imene amati sefu modi, yodzutsa zofunika zokha, zina zonse zili mtulo. Sikirini inabwera yakuda m'mbali, zilembo zikuluzikulu, koma phee. Kwa nthawi yoyamba m'masiku anayi kompyuta ya amuna anga sinandikalipire. M'kabotolo ka mafuta odzola anatulutsamo fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta, momwe munali pulogalamu yoona yosakira, n'kuiuza kuti ifufuze paliponse.

Kufufuzako kunatenga maola awiri. Tinadya nshima ya repu ndi kapenta pakhonde, ine ndikuyang'anayang'ana kukhomo. Itamaliza inapeza chinthu chimodzi chokha, ndi timizu take tingapo tomwe chinabisa kuti chizidzuka nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Ba Mutinta anachotsa zonsezo, anayatsanso mwa masiku onse, anafufuzanso kachiwiri. Kufiira kunatha. Koma pamene pankakhala mafoda panali pambalambanda.

Ndinakhala pansi pa simenti. Ndinaganiza za mayi wa nsomba ndi mphika wake umodzi. Ba Mutinta anati ndidikire, zinthu zotere nthawi zambiri sizifufuta, zimangobisa, chifukwa munthu woona kuti zake zonse zapita ndiye amalipira msanga. Analowa penapake, anadina kabokosi kamodzi, ndipo mafoda anayamba kuonekera, otuwa ngati anthu otuluka m'chipatala. Anawabwezera mtundu wake, n'kukopera zonse pa fulashi ina asanatsegule ngakhale imodzi. Anandilangizanso kuti chenjezo loona silikuwa ndipo silipempha khadi, ndipo chikwangwani chotere chikadzabweranso ndisadzadine paliponse, ndidzangozimitsa.

Kalatayo inali m'foda ya zithunzi za ubatizo wa ana, dzina lake Abale. Ba Mutinta anati akasunthe paipi, n'kunditsekera chitseko.

Inali yaifupi. "Kwa abale anga onse. Ndikapita musavutitse amake Taonga. Kachilombo sanandipatse ndi iwo, ndinabwera nako ndine, ndipo ndinawapempha kuti asauze munthu. Asunga manyazi anga zaka zisanu ndi ziwiri. Za nyumba, ndikufuna kuti"

Basi. Panalibe kadontho, panalibe dzina. Tsiku limene inasungidwa linali la dzulo lake tisanawanyamule kupita kuchipatala. Ndinakumbukira kuti madzulo amenewo ndinawapeza atatsamira patebulo, n'kuwakalipira kuti akudzitopetsa ndi makompyuta, akagone. Ndinazimitsa ndine.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiyira munthu wakufa chifukwa chosiya mawu anayi kapena asanu amene ndinawayendera ulendo wonsewu, ndinadzikwiyiranso ndekha. Kenako ndinalira kulira kumene sindinalire pamaliro, pomwe maso onse ankandiyeza ngati ndikulira moona.

Ba Mutinta anasindikiza mapepala awiri. Sanandinamize. Anati kalata yopanda siginecha ndi mboni si wilo, ngakhale ikanamalizidwa. Anati lamulo la dziko limasiyira nyumba mkazi ndi ana, ndipite mawa kukhoti ndikafunse njira yake. Ndinati ndamva, ngakhale ndikudziwa kuti lamulo silikhala nawo pamphasa abale akamagawa katundu. Anandiperekeza mpaka ku tala atandisenzera bokosi, ndi mpukutu wa repu umene sindinapemphe.

Minibasi yobwerera inali yopanda anthu ambiri, ndipo kondakitala sanalabadire za bokosi. Pepala limodzi ndinalipinda n'kuliika m'kamisolo, lina pansi pa duku. Ndinachoka m'mawa kukasaka nyumba, ndimabwerera ndi dzina langa lokha. Sindinadziwe ngati ndapindula kapena ndaluza, koma ndinazindikira kuti chinthu chikamakuwa kwambiri kuti uli ndi matenda, uziyamba wachiyang'anitsitsa chomwecho.

Ndinafika ku Estates cha m'ma hafu faifi. A Gidiyoni anali pakhonde, pa mpando wa malemu, maso ali kumalata a denga ngati akuwawerenga. Taonga anali atawapatsa tiyi, chifukwa ndinalera ana aulemu. Ataona bokosi kumsana kwanga anaseka.

"Shani, mulamu, odwala wanu wapola?"

"Wapola, alamu," ndinatero ndikumasula chitenje. "Tudoyo tonse tuja tunali twa boza. Chamene chinali kukuwa kuti nyumba ino ili na kachilombo, ndiye chinali kachilombo."

Anaika kapu pansi. Ndinadutsa n'kulowa m'nyumba mwanga. Loweruka ndidzaima pamaso pa onse ndi kuwerenga kalata ya m'bale wawo mokweza, mawu ndi mawu, mpaka pamene anasiyira. Zotsalazo ndidzamaliza ndi pakamwa panga.